Bambo a Bakari Anali Ndani?

Sanaba anatchula Bakari, agogo a mkwatibwi, nakoka mpweya kuti atchule bambo ake a Bakariyo. Dzina linali litathawa.

Zaka makumi atatu akuimba mibadwo ya banja la Dumbiya pa maukwati a mumzinda wa Segu, ntchito yosiyiridwa ndi mayi ake, anali asanaphonyepo. Kutentha kuja kumene kunamuyamba atasiya msambo kunakwera kuchokera pachifuwa, duku lonse n'kunyowa. Woimba ng'oma anabwereza kaimbidwe komweko kachitatu, maso ali pa Sanaba.

M'chikwama chake munali botolo la mapiritsi a soya, amene wogulitsa mankhwala anati amathetsa kuiwalaiwala. Miyezi inayi akumwa osadumphitsa. M'mawa umenewo anamwa awiri.

Anapita chovina mpaka pamene panakhala Korotumu, azakhali a mkwatibwi, n'kuwerama ngati akupereka ulemu.

"Mayi, bambo a Bakari anali ndani?" ananong'ona. "Fulumirani chonde."

Korotumu anasiya kudzikupiza.

"Ukufunsa ine? Iwe Sanaba, mayina a makolo athu paja tinasungitsa kwa iwe."

Ng'oma inabwereza kachinayi.