Kumwetulira kwa Bwana wa pa Sikirini

Funso lachisanu linabwera kalaliki atamaliza kale madzi m'botolo.

Amene analiponya anali Dikishonale, mnzake wa mu ofesi amene ankalimbirana naye mpando wa wachiwiri kwa manijala. Dzinali silinabwere pachabe. Chingerezi chake chinkatulukira m'mphuno, ndipo funso lake lililonse linali ndi mchira wautali moti pofika kumapeto, munthu unkakhala utaiwala mutu wake.

M'chipindamo munali anthu asanu ndi awiri, onse oyamwira Chichewa. Koma tsikuli anachivula pakhomo ngati nsapato zamatope. Pakhoma panali sikirini, ndipo pa sikirinipo panali bwana wamkulu wa kunja, yemwe ankayembekezeka kusankha mwini mpandowo akamva mmene awiriwa akuyankhulira.

Kalaliki sanabwere chimanjamanja. Alamu ake, omwe anakalambira m'misonkhano, anali atamupangira nzeru. "Muziyamba mwaliyamikira funsolo, alamu. Kenako imwani madzi. Mukatero libwerezeni pang'onopang'ono ngati mukulilawa. Zikakanika, lonjezani kuti muyankha pakalata."

Mafunso anayi oyamba anawawoloka choncho. Koma tsopano madzi anali atatha, ndipo makalata anali atalonjeza kale awiri.

Anaponya diso kumapeto kwa tebulo. Kunali sekilitale, wa maso aulesi uja, akulemba za msonkhano. Miyezi itatu yapitayo kalaliki anamufunsira pafupi ndi makina okopera mapepala, iye n'kungoti akapeza mpando wozungulira adzakambirana. Kuyambira pamenepo kalaliki ankaulota mpandowo masana dzuwa likuswa mtengo.

Kenako anayang'ana pakhoma, mtima n'kukhala m'malo. Bwana anali akumwetulirabe. Chiyambireni msonkhano sanamudule mawu, sanachite tsinya, sanayang'ane kumbali. Ngakhale kapu ya tiyi inali ili m'malere, pakati pa tebulo ndi pakamwa. Munthu kutengeka mpaka kuiwala tiyi!

Mantha anabalalika. Kalaliki anakankha botolo lija, naimirira, nayamba kuyankha. Mawu amene analoweza ali pasukulu, omwe ankaganiza kuti anafera m'makope, anadzuka onse. Ena ankabwera chagada, ena opanda miyendo, koma iye ankangowakankhira kutsogolo, maso ali pa bwana. Anabweza funso kwa Dikishonale, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya ofesiyo, Dikishonale anapempha madzi.

Manijala anaomba m'manja. Enawo anatsatira, aliyense akuonetsetsa kuti manja ake akuoneka pa kamera. Kalaliki anakhala pansi malaya atamatirira kumsana. Ankadziona kale akuzungulira pampando, sekilitale ataima pakhomo akuluma cholembera mwamanyazi.

Manijala anakonza tayi, napempha bwana mwaulemu kuti apereke maganizo awo.

Bwana anangomwetulira.

Anapemphanso, mokweza pang'ono. Kapu ija sinasunthe.

Apo foni ya sekilitale inanjenjemera patebulo. Anaiwerenga, nadzuka, nagwedeza waya wa kuseri kwa kompyuta. Nkhope ija inazima, tiyi ndi kumwetulira komwe.

"Ndi uthenga wa bwana," anatero m'Chichewa chosapsatira. "Akuti netiweki inawadukira atangopereka moni. Tibwereze zonse mawa, ndipo mafunso adzafunsa okha."