Timadontho pa Mabatani a Foni

"Mabatani awa sindisintha," anatero sekilitale Philomena Moyo, manja ataphimba foni ya mu ofesi ngati nkhuku yofungatira mazira.

Conrad anaseka monyoza. Anali mwana wa a Shaba, eni ake a malole atatu otuta matabwa ku Chikangawa, ndipo chibwerereni ku Joni ndi nsapato zake zosongoka, ankayenda mu ofesi ya bambo ake pa Mzimba ngati ndi yake kale. Zoti akudikira mdala afooke kuti agulitse malolewo, aliyense ankazidziwa.

Tsikuli anabwera ndi pepala la manambala. Foniyo inali ndi mabatani asanu ndi atatu, oti ukadina limodzi imaimba yokha nambala yosungidwamo. Iye ankafuna manambalawo asanjidwe mwatsopano, yake ikhale pamwamba.

"N'chapafupi chomene, anyaMoyo. Mudina la pulogalamu, musankha batani, mulowetsa nambala, mbwenu basi. Ndipo zonyansa izi muzipale."

Zonyansazo zinali timadontho ta kyutekisi wofiira wopaka m'zikhadabo, touma gwa, totumphuka pang'ono: kamodzi pa batani la dalaivala wamkulu, tiwiri pa la kumacheka, titatu pa la makaniko wa ku Jenda.

"Yayi," anatero Philomena. "Zaka khumi ndi zinayi ndili pa mpando uno. Batani lililonse lili pamalo pake, ndipo likhala pomwepo."

Conrad anayang'ana timadonthoto, kenako anayang'ana sekilitaleyo, nkhope n'kuwala ngati watola ndalama pamsewu.

"Ndazindikira! Maso anu atha, eti? Mukuchita kupapasa. Ndiye mwakhala mukuwabisira adada?"

Mawuwo anamulasa mumtima Philomena. Anali ndi ana awiri ku sekondale, ndipo ntchito pa Mzimba sizimera ngati bowa. Mantha anali nawo, koma anangotukula chibwano.

"Ganizani zimene mukufuna."

Conrad anakhala pa kompyuta n'kulemba yekha kalata, ndi zala ziwiri, thukuta lili kamukamu. Analemba kuti sekilitale saona bwino, akukana malamulo, achoke mwezi ukatha. Chinatsala n'choti bambo ake asaine.

A Shaba analowa nthawi ya teni monga mwa masiku onse, chipewa kumutu, magalasi akuda kumaso. Anapereka moni ali pakhomo, analunjika pampando wawo, ndipo asanakhazikike n'komwe anali atadina kale foni, akukalipira a kumacheka chifukwa chochedwetsa lole. Umu ndi mmene mdalayo analili: sankataya nthawi ndi kufunafuna manambala.

"Adada, iyi ndi kalata yochotsa anyaMoyo," anatero Conrad. "Akukana kusintha mabatani. Zifukwa zonse zili mmenemo."

A Shaba anailandira n'kuiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikugwedera. Philomena anaima chilili, osapepesa, osadandaula.

"Ndawerenga," anatero mdalayo. "Chizungu chako n'chabwino. Koma anyaMoyo sachoka, ndipo foni iyi usaikhudzenso. Ofesi ino idakali yanga."

"Koma adada, munthu wosaona angagwire bwanji ntchito?"

"Yewo, Conrad. Ndamaliza."

Conrad anatuluka n'kumenyetsa chitseko mpaka kalendala inagwa pakhoma. A Shaba anatchera khutu kufikira phokoso la nsapato zosongoka zija litazirala.

"Wapita?" ananong'ona.

"Wapita, adada."

A Shaba anamutambasulira kalatayo, dzanja n'kuloza kumbali pang'ono, kumene kunalibe munthu. "Tandiwerengera, mwana wanga. Walemba zotani?"

Philomena anayamba kuwerenga, tizilembo tating'onoting'ono tonse osaphonya. Chala cha a Shaba chinali chitabwerera pa timadontho tija, timene Philomenayo anawaikira zaka ziwiri zapitazo, mwezi umene maso awo anachita mdima.