Mayina Ofufutidwa

Munthuyo sanagogode kawiri. Tiyezge atangotsegula chitseko, mlendoyo anamukankhira kukhoma n'kulowa, jekete lake likudontha mvula ya m'tauni ya Lucan.

Eni nyumba, a Devlin, anali atapita kukaonana ndi dokotala kuchipatala cha St James's. Nkhalambayi inathera moyo wake wonse kusonkhanitsa masewero a Chifalansa olembedwa pamanja, aja oyambirira odzaza ndi zofufutafufuta, mlembi asanawatumize kosindikiza. Tiyezge, wophunzira wa payunivesite, ankawajambula tsamba ndi tsamba kuti aikidwe pa intaneti.

Mlendoyo analunjika m'chipinda cha mabuku. Anakhuthula mabokosi, kugwetsa shelefu, kupondaponda mapepala akalekale ndi nsapato zamatope. Kenako anaima. Maso ake anali pa kope lakuda limene Tiyezge ankajambula m'mawa umenewo.

Pa makope onse, la pamtima pake linali limenelo: sewero lomaliza la Prosper Mwaba wa ku Lubumbashi, amene zinamveka kuti anafera m'ndende. Miyezi itatu akuliwerenga, Tiyezge ankadziwa pamene cholembera chinanjenjemera, ndi pamene mkwiyo unaboola pepala. Sanauzepo munthu kuti wagwa m'chikondi ndi wakufa.

"Siyani zimenezo!" anakuwa Tiyezge m'Chichewa, Chingelezi chitamuthawa.

Munthuyo anang'amba tsamba loyamba. Tiyezge anamulumphira, koma chigongono chinamupeza pakamwa. Anagwera pa mabokosi, magazi ali chuchuchu pachibwano. Tsamba lachiwiri linalira. Lachitatu. Mlendoyo anatulutsa machesi m'thumba.

Pafupi ndi phazi la Tiyezge panali chitsulo cholemera chimene a Devlin ankapsinjira mapepala opindika. Anachinyamula ndi manja awiri. Dzanja lamanja la munthu uja linali litakanikiza kope patebulo. Anachitsitsa ndi mphamvu zake zonse. Mafupa anathyoka ngati chinangwa chouma. Anachitsitsanso.

Munthuyo anagwada, atafumbata dzanjalo pachifuwa, zala zitapenya kwina ndi kwina. Sanalire.

"Muli ndi mphamvu, achemwali," anatero. Chichewa chake chinali cha anthu amene anachiphunzirira kumsasa wa othawa kwawo ku Dzaleka.

"Ndikuimbira apolisi," anayankha Tiyezge, akutulutsa foni.

"Imbani. Koma muyambe mwazimitsa makina anu ojambulirawo. Amaonetsa zimene zili pansi pa inki, si choncho?"

Zinali zoona. Dzulo lake Tiyezge anasangalala kwambiri ataona mayina ofufutidwa akutulukira pakompyuta.

"M'buku losindikizidwa mayina ndi opeka," anapitiriza munthuyo, akupuma movutikira. "M'kope ili ndi enieni. Mayi amene ankabisa anthu kudenga. Dalaivala amene ankawawolotsa malire. Onse ali moyo, ali komweko. Mukawaika pa intaneti, sabata silitha asanawatole. Makalata atatu ndawalembera abwana anu, osayankha ngakhale imodzi."

Tiyezge anakumbatira kope lija, magazi a munthuyo akulowerera m'mapepala.

"Bodza! Mwadziwa bwanji zili m'katimu? Kuno palibe analitsegulapo, kupatula ine ndi a Devlin."

Mlendoyo anayang'ana dzanja lake lophwanyika, kenako anakweza maso.

"Ndinkalembera dzanja limeneli," anatero motsitsa mawu. "Dzina langa ndine Prosper Mwaba."