Miphika Imene a Phuma Anatsuka ndi Sopo

Panali munthu wina, mphunzitsi wa pa yunivesite, katswiri wofukula zinthu zakale m'nthaka. Ophunzira ake ankamutcha a Phuma, poti chilichonse ankafuna chithe dzulo. Musati ndikupeka, anandiuza ndi mlamu wanga amene ankawayendetsa pa galimoto.

Tsiku lina anthu okumba maziko kuseri kwa sukulu ina anapeza mapale. A Phuma anathamangirako ndi gulu lawo. M'gulumo munali mayi wina wowathandizira, amene anzake ankamuseka kuti Mayi Burashi. Iyeyu khasu sankaligwira. Ankasesa dothi ndi kaburashi, kuyeza ndi tepi, n'kujambula m'kope pamene chinthu chagona asanachinyamule.

Patatha sabata miphika yathunthu inayamba kuonekera, yakuda bii, m'kati muli zopserera za chakudya cha anthu amene anafa kalekale.

"Lachisanu kukubwera atolankhani," anatero a Phuma. "Zulani yonse, muitsuke iwale."

"Pepani bwana," anayankha Mayi Burashi. "Malo timafukula kamodzi basi, sitingawabwezerenso mmene analili. Tifukule mbali imodzi, inayo tisiyire obwera m'mbuyo mwathu. Komanso zakudazo si litsiro, ndi umboni."

"Iwe, dokotala pano ndani? Ndionetse alendo miphika yosatsuka ngati kunyumba kwa batchala?"

Onse anafa nacho chiseko. Antchito analowa ndi makasu, miphika khumi ndi iwiri inatuluka tsiku limodzi, n'kuikwecha ndi sopo. Koma mayiyo anakhala pansi pa kachigawo kake, mamita awiri okha.

"Apa pokha, mukumbe ndi ine ndemwe."

A Phuma anamuchotsa ntchito pomwepo. Kachigawoko sanakalabadire, miphika inali itawakwanira. Mayiyo asananyamuke anayalapo masaka, kuthira mchenga, kukwirira, n'kulemba m'kope muyezo wake kuchokera pa ngodya ya kalasi.

Lachisanu a Phuma anajambulidwa atakumbatira mphika, mano onse panja. Mayi Burashi anakayamba kuphunzitsa ku pulayimale. Mlongo wake ankamunena mosabisa: "Achemwali, ntchito yabwinobwino kuitaya chifukwa cha mphika wakuda?" Zinkamuwawa, masiku ena ankalira ndithu, koma kope lija sanalitaye.

Zaka zisanu ndi zinayi zitadutsa, ku yunivesite kunabwera makina oyeza zopserera za mu mphika, odziwa chimene chinaphikidwamo ndi zaka zake. A Phuma anali atalemba buku lonse za miphika ija, ndiye anaipereka monyadira kuti makina awavomereze. Woyeza anabwera ndi pepala pamaso pa akuluakulu onse.

"Adokotala, mwangopezeka sopo. Tiuzeni tsono, mphika umene unali pansi kwambiri ndi uti, unali pamwamba ndi uti?"

Za pamene mphika uliwonse unagona, a Phuma panalibe chimene analemba. Buku lija linakanidwa, miphika inangosanduka zokongoletsera pa shelefu. Paja amati safunsa anadya phula, nanji uyu anachita kuuzidwa.

Loweruka m'mawa anaodira pakhomo pa Mayi Burashi, chipewa chili m'manja. Anamupeza akuchonga makope a ana pakhonde.

"Mayi, ndabwera ndi manyazi. Kamalo kaja mukukakumbukira?"

Mayiyo sanawanyoze. Anawapatsa mpando, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kope lija lili m'pulasitiki.

"Ndikakusonyezani, bwana. Koma khasu lisakayandikire."

Yunivesite inamubwezera ntchito, ndipo gulu latsopano lokafukula anatsogolera ndi iyeyo. Anayeza kuchokera pa ngodya ya kalasi, anapeza masaka aja ali pomwepo. Mwezi wathunthu akusesa, munatuluka miphika itatu, yakuda mmene eni ake anaisiyira. Makina anapezamo mkaka, kusonyeza kuti anthuwo ankaweta ng'ombe kale kwambiri kuposa mmene akatswiri ankaganizira. Pa lipoti, dzina loyamba linali la mayiyo.

Koma imvani izi. Atafika pakati pa kachigawo kaja, mayiyo anati akwirire.

"Mayi, nanga mbali yatsalayi?" anafunsa a Phuma, manja akuyabwa.

"Imeneyo ndi ya ana amene sanabadwe. Adzabwera ndi makina oposa athuwa." Kenako anawapatsa kaburashi. "Sesani m'mbalimo tisanayale masaka. Pang'onopang'ono, bwana."

Dokotala wathunthu anagwada pansi n'kuyamba kusesa. Ine mlamu atafika pamenepa ndinaimirira n'kuomba m'manja, ngati mayiyo ndi mbale wanga.

Phunziro: Zimene makolo anasiya m'nthaka si zathu tokha, ndi za amene anapita komanso amene akubwera. Kuthamanga si kufika, ndipo wamng'ono akakulangiza usayang'ane udindo wake. Tumizani nkhaniyi kwa anzanu, makamaka a Phuma a kuntchito kwanu, asanatsuke chimene sichitsukidwa.