Mtanda Wopanda Munthu

Loweruka amayi atatha kuzira tchalitchi cha m'mudzi mwawo, kufupi ndi Sinda, Lidiya anaiwala khasu lake m'katimo. Khasulo linali limodzi lomwelo, ndiye kutangoda anayatsa koloboyi, n'kubereka mwana wake Febe kumbuyo, ulendo.

Amuna ake, a Fakisoni, anapita ku mafamu a fodya kunja kwa dziko, ku Walale, Febe ali m'mimba. Makalata analeka kubwera chaka chatha.

Khasu analipeza kuseri kwa chitseko. Potembenuka, kuwala kunagwera pa mtanda wamatabwa wa kutsogolo. Aphunzitsi a pa tchalitchipo ankakonda kunena kuti, "Mtanda wathu ulibe munthu, amayi inu, chifukwa Mwini wake anauka." Unalidi wopanda munthu. Koma chithunzithunzi chake pakhoma chinali ndi mutu wowerama, ndi phewa lakumanzere lotsika, la munthu wozolowera kusenza matumba. Phewa limenelo Lidiya ankalidziwa bwino.

Anasuntha nyali. Chithunzithunzi sichinasunthe.

"Gona mwanawe, tikupita," ananong'ona.

Febe, amene chibadwire anali asanatchulepo liwu ngakhale limodzi, anasuzumira paphewa pa amake, n'kutambasulira kadzanja kake kukhomako.

"Atate," anatero.