Vinyo wa a Tcheyamani

Mu Okutobala 1974, Overton Chirambo, tcheyamani wa nthambi ya Chipani pa Bolero, anamangitsa Donald, mwana wa Hezron Harawa. Donald anali mphunzitsi. Anakana kuwonjezera malikisi a mwana wa tcheyamaniyo, ndipo Overton analembera akuluakulu kuti mphunzitsiyo amanyoza Boma m'kalasi. Galimoto inamutenga nthawi ya buleki, ana akuona.

Zaka zinayi zinatha popanda mawu. Kenako Overton mwini wake anaimitsa Hezron pamsika.

"Adada Harawa, dzanja limene linalemba likhoza kufufutanso," anatero. "Koma kukhosi kwauma. Paphwando lina ku boma ndinalawa vinyo wofiira wa Ataliyana. Mpaka lero sindimuiwala."

Hezron anali mkulu wa mpingo kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Mowa ankaudziwa ndi fungo lokha. Komabe anamasula ng'ombe imodzi mwa ziwiri zolimira, napita nayo kumsasa wa omanga milatho ku Henga. Kumeneko kunali kapitawo Mtaliyana amene ankasunga mabotolo ake m'kachipinda kamdima, atawagoneka pamchenga. Antchito ake ankafuna nyama, motero anagwirizana: ng'ombe isiyidwe, Hezron asankhe botolo limodzi lililonse.

Hezron analoza la mimba yaikulu, lovekedwa udzu woluka.

"Ili. Lavala bwino."

Mtaliyana anaseka. "Ameneyo ndi Kiyanti, madala. Kwathu timamwa tsiku lililonse, ngati tiyi. Mukukapatsa ndani?"

"Munthu amene akundisungira mwana."

"Ndiye munthu wabwino. Tisamupatse tiyi."

Hezron sanamuwongolere. Masiku amenewo munthu sunkadziwa kuti khutu la Boma lili pamutu wa yani.

Mtaliyana anatulutsa lina lakuda bii. Anati ameneyo ndi Amarone, ndipo mphesa zake amayamba aziyanika m'chigafa miyezi ingapo, monga mmene pa Bolero amachitira ndi fodya. Hezron analinyamula, nalibweza. Chinthu chofanana ndi fodya wa aliyense sichikanamudabwitsa Overton. Pomaliza mzunguyo anagwada, nasolola botolo la pansi penipeni, lotuwa ndi fumbi.

"Barolo. Timamutcha vinyo wa mafumu. Uyu ndi wa 1964, chaka chimene mphesa zinachita bwino koposa. Ndinkasungira tsiku lomaliza mlatho."

"1964?" anafunsa Hezron. "Chaka cha ufulu?"

"Ufulu wanu, eya."

"Ndatenga lomweli. Wa Chipani sangakane chaka chimenecho."

Anatulutsa kansalu kuti alipukute, koma Mtaliyana anamugwira dzanja. Fumbi ndiye umboni wa zaka, anatero. Asaligwedeze, asaliike padzuwa, ndipo akalitsegula adikire ola lathunthu kuti vinyo apume. Chifukwa cha mawu amenewa Hezron anakana lole imene inafuna kumunyamula. Anayenda pansi tsiku lonse, botolo lili m'jekete, atalifungatira ngati khanda.

Loweruka masana Hezron anamupeza Overton pakhonde, atakhala ndi amuna atatu a Chipani. Khondelo linayang'ana msewu wopita kutchalitchi. Panalibe chotsegulira, ndiye mmodzi wa iwo anakankhira chitsekerero m'kati ndi msomali.

"Mzungu anati tidikire ola limodzi," anatero Hezron.

"Mzungu si tcheyamani pano." Overton anadzaza kapu yachitsulo, naikankhira kwa iye. "Mwambo mukuudziwa. Wobweretsa ndiye amayamba. Ndidziwa bwanji kuti simunathiremo kanthu?"

"A tcheyamani, botolo linali lomata. Mwaona nokha."

"Ndaona. Imwani."

"Ine ndine mkulu wa mpingo."

"Ndiye nyamulani botolo lanu, mukapempherere mwana wanu. Mwapemphera zaka zinayi. Watuluka?"

Amuna aja anaseka. Pamsewu pankadutsa amayi a Umanyano, ochokera kumapemphero, ndipo anaima. Pakati pawo panali mkazi wa mlembi wa Seshoni, bwalo la akulu a mpingo. Hezron anawaona. Anadziwa kuti ukulu wake uthera m'kapu imeneyo. Anaigwira ndi manja awiri, natseka maso, namwa yonse. Vinyoyo anaumitsa lilime ngati nthochi yosapsa.

"Onani!" anakuwa Overton. "A Harawa amakoka ndithu!"

Naye analawa, nakwinya nkhope, naitanitsa shuga. Anathira masipuni atatu, natakasa ndi chala.

"Tsopano wakoma. Yewo chomene, adada. Lolemba ndilembera akuluakulu. Pofika Khirisimasi mnyamata wanu adzakhala akudya nanu."

Hezron anagwada pasimenti, munthu wa imvi, nawomba m'manja.

Sabata yotsatira Seshoni inamuchotsa pa ukulu, nimuimitsa pa Mgonero. Sanadziteteze. Lamulungu ankakhala pabenchi lakumbuyo, pafupi ndi chitseko, ndipo anthu amene ankamupatsa moni ndi manja awiri anayamba kuyang'ana kumbali. Iye sanadandaule. Anauza mkazi wake Phoebe kuti azire chipinda cha Donald, aike mphasa yatsopano. Anafolera denga pamene pankadontha. Madzulo aliwonse ankakaima potsikira basi, atavala tayi, kuyang'ana nkhope ya aliyense wotsika.

Donald anali atamwalira m'ndende mu Febuluwale 1976. Telegalamu yodziwitsa makolo inadzera ku ofesi ya nthambi, ndipo anaisainira ndi Overton Chirambo. Mpaka lero ili m'dirowa mwake.