Mahedifoni a Lyuben ndi Chinsinsi cha a Zahari

Panali munthu wina mumzinda wa Plovdiv, dzina lake Lyuben. Amene anafotokoza nkhaniyi amakhala naye m'nyumba yosanja imodzi. Lyuben ankagwira ntchito kwa loya wina. Loyayo ankajambula mawu a anthu obwera kudzamufotokozera nkhani zawo, n'kumutumizira Lyuben kuti akataipe kunyumba. Pantchitoyo Lyuben ankavala timahedifoni tolowetsa m'khutu. Koma mtima wake unali pa nyimbo. Kwa zaka zinayi ankamvetsera nyimbo ndi mahedifoni otchipa, aja okhala ndi timabowo kumbuyo, mpaka anayamba kudzifunsa: kodi odula aja amamveka bwanji? M'nyimbozi muli chiyani chimene ine sindikumva?

Loweruka lina anapita kusitolo. Mayi wogulitsa anamuyalira mitundu itatu. Atavala oyamba anapukusa mutu. Achiwiri anati bolako. Atavala achitatu sanafunenso kuwavula. M'nyimbo imene anaimvapo kambirimbiri, tsikulo anamva woimba akukoka mpweya, chala chikutsetsereka pachingwe cha gitala, ngakhale mpando ukulira.

"Awawa," anatero Lyuben.

"Ndi abwino," anayankha mayiyo, "koma ndi otsegula kumbuyo ngati akale mwanenawo, ndipo amataya mawu panja. Ine ndaima pano nyimbo yanu ndaimva yonse. Mumakhala nokha?"

"Ndi mkazi wanga ndi apongozi. Koma apongoziwo ndi okalamba, makutu anapita kale."

Mayiyo anaseka. "Apongozi samva mukawapempha mchere basi. Ngati muzigwiritsanso pantchito, tengani otseka awa."

"Otsekawo amamveka ngati munthu akuimbira m'ndowa. Mangani achitatuwo."

Kwa mlungu wathunthu Lyuben ankangobwereza nyimbo zake zakale, n'kumapeza zatsopano m'nyimbo iliyonse. Kenako loya uja anamutumizira mawu a bambo wina wokalamba amene ankalankhula motsitsa kwambiri. Ndi timahedifoni tating'ono tija, theka la mawu linkasowa. Lyuben anayang'ana atsopano aja. Ngati amagwira mpweya wa woimba, angalephere mawu a nkhalamba? Anawalumikiza kukompyuta, patebulo la kukhitchini. Apongozi ake, a Nevena, anali pasinki akusenda tsabola wowotcha, atamufulatira.

Mawu anamveka bwinobwino, ndipo Lyuben anawazindikira. Anali a Zahari, bambo wamasiye wokhala pamwamba pawo. Chidwi chinamugwira, anakweza mawu.

A Zahari ankauza loya kuti akadzamwalira, nyumba yawo idzakhale ya Sevda, mayi woyandikana nawo amene ankawaphikira ndi kuwachapira kuyambira pamene iwo anagwa pamasitepe. Mwana wawo Boyan, wokhala ku Sofia, anali asanabwere kudzawaona kwa zaka ziwiri. "Asadziwe ndikadali moyo," ankatero. "Ndikufuna ndifere m'nyumba mwanga mwamtendere."

Lyuben anali akutaipa pamene anamva mawu kumbuyo kwake.

"Tabweza pang'ono pamenepo, mwana wanga. Za Boyanzo sindinamve bwino."

Lyuben anavula mahedifoni. "Amayi, mwamva chiyani?"

"Chilichonse. Nanga si mawu a Zahari amenewo? Ndiye nyumba yonseyo kwa Sevda?"

"Amayi, chonde. Imeneyi ndi nkhani ya kuntchito. Ikatuluka, ine ndathera pomwepo."

"Iwe ukundiona ngati wamiseche? Pakamwa panga m'manda."

A Nevena anauza munthu mmodzi yekha, mnzawo amene amakhala naye pabenchi ya pakhomo, atamulumbiritsa kuti asauze wina. Mnzawoyo anali ndi mchemwali ku Sofia, wodziwana ndi Boyan. Patapita masiku atatu, galimoto ya Boyan inaima pabwalo.

Nyumba yonse inamva phokosolo. Boyan anamunena Sevda kuti ndi wakuba, anamulanda kiyi wa nyumba ya bambo ake, n'kusintha loko. Ananena kuti bambo ake mutu sukugwiranso bwino, awatenga azikakhala nawo ku Sofia. Sevda anangodzitsekera m'nyumba mwake.

Masana ake loya anaimba foni. "Mawu aja anamva anthu atatu: ine, a Zahari ndi inu. Ine sindinauze munthu. Mufufute zonse zimene muli nazo, ndipo sinditumizanso ntchito." Nkhani inafika kwa maloya ena, ndipo palibe amene anamupatsanso Lyuben chotaipa.

Tsiku lonyamuka, Lyuben anakumana ndi a Zahari pamasitepe. Ankatsika pang'onopang'ono ndi ndodo, Boyan ali patsogolo ndi masutikesi. Lyuben anafuna kubwerera, koma nkhalambayo inamuitana.

"Ndamva kuti uli ndi makutu atsopano, Lyuben."

"Abambo, ndikhululukireni. Sindinkafuna kuti zifike apa."

"Anamveka bwino mawu anga?"

Lyuben anangowerama.

"Ndinapita kwa loya kutsidya kwa mzinda, mabasi awiri ndi mwendo uwu, poopa kuti makoma athuwa ndi opyapyala," anatero a Zahari. "Sindinkadziwa kuti mawu anga afika kunyumba kuno ine ndisanapume n'komwe."

Anatsika, analowa m'galimoto. Anamwalira ku Sofia m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho, osaionanso nyumba yawo.

Phunziro: Chida chabwino kwambiri sichikhala chabwino pa ntchito iliyonse. Wogulitsa akakufunsani kuti mukachigwiritsa ntchito kuti, muyankheni zoona ndipo mumvere malangizo ake. Ndipo chinsinsi chimene mwasungitsidwa chili ndi mwini wake, amene adzavutike nacho kuposa inu chikatuluka. Tumizirani anzanu nkhaniyi, makamaka amene amagwirira ntchito za anthu ena kunyumba.